Mabuku a Marandi Khumi

Pakhonde la sitolo yotsekedwa ku Yeoville
Gelesomu amayala mabuku pakatoni,
lililonse marandi khumi,
lothothoka chikuto marandi asanu.
Ndimadutsapo Loweruka ndikaweruka,
manja akununkhabe sopo wotsukira magalimoto a eni.

"Tenga ili," akutero, moni osapereka n'komwe.
"Muli chombo chachitali kuposa Ponte,
chasenza anthu zikwizikwi kunka ku nyenyezi ina.
Amene anakwera onse anafera m'njira,
odzafika ndi zidzukulu zawo.
Ndaliwerenga kawiri pageti la abwana,
tochi ili kukamwa,
agalu akuuwa chithunzithunzi changa."

Tiyanjane wapasaluni wasuzumira pakhomo,
chipeso wachisiya chili chiimire m'mutu mwa kasitomala.
"Usamumvere ameneyo!
Mabuku ake ngozizira ngati Juni wa kuno,
zitsulo zokhazokha, mawaya, manambala.
Tenga la mtsikana woweta chinjoka chamapiko
chimene chakudya chake ndi mayina a anthu.
Ukachipatsa lako chimakuulutsa kulikonse ufuna,
koma kwanu sakukumbukanso,
ngakhale mayi ako amakupatsa mpando wa alendo.
Ine ndinalira pakati pa bukulo
mpaka kasitomala anafunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta."

"Nthano za ana izo," Gelesomu akung'ung'udza.
"Nanga chombo chakocho
unachionapo chikukweza anthu pa Bree?"

Twaibu telala sadzutsa mutu pamakina.
Iye amakonda okhawo amene dziko linatha kale,
magetsi anazima zaka zana zapitazo,
anthu akulima chimanga pamadenga a nyumba zosanja.
"Koma olembawo sanagonepo pafulati pathu,"
akutero, ulusi uli kumano.
"Chikepe chinafa kalekale,
madzi amabwera akafuna okha,
koma palibe wadya mnzake.
Timabwerekana mchere ndi chaja.
Pamenepo pokha ndi pamene amanama."

Ndinali ndi marandi asanu.
Ndinatenga la chombo, lopanda chikuto.

Usiku magetsi anapita monga mwa chizolowezi.
Kuseri kwa nsalu imene imadula chipinda chathu pawiri
anzanga atatu akuliza mkonono,
ine ndikuwunikira ndi foni.
Kutali uko milu ya dothi la m'migodi
yayera mbee ndi mwezi,
ngati mapiri a dziko limene sitinalonjezedwe.

Pamutu wachisanu ndi chinayi chombo chikuyandikira.
Pachipata pali makina ofunsa mapepala,
kenako akuti kwa aliyense:
tchula liwu limodzi m'chilankhulo cha kuno.
Ndinangopezeka ndagwira chigongono changa.
Chija anandilozera anyamata aja m'takisi
nandifunsa dzina lake,
ine lilime gwa, ngati mwala.

Ndinatembenuza tsamba.
Panalibe tsamba.
Ulusi wokha, ndi banga la tiyi.

M'mawa ndinathamangira kwa Gelesomu.
Kodi anawalola kutsika?
"Ndidziwa bwanji? Ndi lomwelo ndinawerenga ine."
Tiyanjane akuti anatsika,
koma anayamba aiwala nyimbo za agogo awo.
Gelesomu akuti ayi, anakonza injini
napitirira kukafuna nyenyezi yopanda geti.
Anakangana mpaka kasitomala ananyamuka
mutu uli wolukidwa mbali imodzi.

Twaibu anangotambasula dzanja.
Anang'amba mapepala asanu ndi atatu m'kope la miyeso ya makasitomala,
nawasokerera kumapeto ndi ulusi wofiira.
"Wobwereka aliyense azilembapo zake."

Lero bukulo lili ndi mathero anayi.
Wina analemba m'Chishona, sitinamumve tonse,
wina anangojambula mwana akugwedeza dzanja pawindo.
Langa tsamba likadali loyera.
Cholembera ndili nacho m'thumba la ovolosi,
koma dzulo mwana wanga ku Balaka anafunsa pafoni,
"Adadi, mufika liti?"
ndipo mayunitsi anatha ndisanayankhe.